Kamnofu Kotsala ku Joni: Mphatso, Katundu Kapena Choikiza?

Maliro a mlongo wanga, mwana wa mayi anga aang'ono, anayenda masiku atatu kuchokera ku Johannesburg kudzafika kwathu ku Dedza. Anadzera pa Beitbridge ndi pa Nyamapanda, nawoloka Zambezi pa Tete. Ndalama za ulendowo anasonkha ndi Amalawi anzake a ku Kya Sand, kumene iye anakhala zaka 11, ndipo ambiri mwa osonkhawo ndi anthu amene chakudya cha mawa sachidziwa lero. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa chifukwa chodzivutitsira chotero. Kwathu munthu amakagona kumene kunagwera mchombo wake, pafupi ndi mayi ake ndi agogo ake.

Tsiku lometa, tikugawa katundu wa malemuyo, m'chikwama chake munapezeka mapepala a kuchipatala. Popeza ndine amene ndinapitako patali ndi sukulu, atsibweni anandiuza kuti ndiwerenge ndi kumasulira. Pepala lina linkanena kuti zaka ziwiri m'mbuyomo, minofu yake itayamba kufooka ndi zikope zake kulemera, madokotala a chipatala china chachikulu anamudula kamnofu ka pantchafu, kakakulu ngati njere ya nyemba, kuti akakapime. M'munsi mwake munali funso lakuti ngati kamnofuko katatsalako, kodi akulola kuti kasungidwe m'firiji kuti kadzagwiritsidwe ntchito pa kafukufuku wa m'tsogolo? Mlongo wanga anachonga povomera, nasaina dzina lake.

Atsibweni anakhala chete kanthawi, kenaka anati, “Ndiye kuti amene tamuika uja sanabwere yense? Iwe mphwanga, ukabwerera ku Joni ukakatenge kanthuko. Akakana, akakaotche iwe ukuona.”

Funso limeneli landiyendetsa mutu kwa nthawi yaitali, ndipo sindikhulupirira kuti ndi la banja lathu lokha. Ndi ndani mwini kachidutswa ka thupi kamene kali moundana m'nkhokwe ya akatswiri, mwini thupilo atapita? Nanga mawu amene munthu anavomera tsiku limodzi ali pabedi la m'chipatala angamange zaka zingati?

Tiyambe tamvetsa chimene madokotala aja ankafuna. M'maselo a thupi lathu muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa mitokondiriya, timene ntchito yake ndi kusandutsa chakudya ndi mpweya umene timapuma kukhala mphamvu. Amene anafikako ku Nkula pa mtsinje wa Shire sangavutike kumva kagwiridwe kake. Mitokondiriya ili ndi nembanemba yamkati imene ili ngati khoma la damu. M'khomamo muli mapuloteni amene amagwira ntchito ngati mapampu, kukankhira timphamvu mbali imodzi mpaka tidzadze. Tikamabwerera timazunguza kamakina kamene kamapanga ATP, yomwe ndiyo mphamvu yoyendetsera mtima, ubongo ndi minofu. Mapampu akafooka, ziwalo zodya mphamvu zambiri ndizo zimayamba kulira, n'chifukwa chake madokotala ataona zikope zolemera ndi miyendo yolefuka anaganizira kumeneko.

Vuto ndi lakuti mnofu ukangochoka m'thupi umayamba kuwonongeka. Wofuna kuusunga amauviika mu naitirojeni wamadzi, amene kuzizira kwake ndi madigiri 196 pansi pa ziro, kenaka nauika m'firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Koma chisanu chimene chimasunga ndi chomwecho chimene chimawononga. Madzi a m'maselo akaundana amasanduka timiyala tosongoka timene timaboola khoma lija, ndipo puloteni ina yonyamula mphamvu pakati pa mapampu, yotchedwa cytochrome c, imatayika. Chotero kwa zaka zambiri akatswiri ankadziwa kuti pa mnofu woundana angathe kuwerenga DNA ndi kuyesa pampu iliyonse payokha, koma kuti aone mmene mitokondiriya ikupumira mpweya ankafuna mnofu wauwisi, wa maola ochepa chabe. Mu 2020 Rebeca Acin-Perez, Orian Shirihai ndi anzawo a pa yunivesite ya California ku Los Angeles anasindikiza m'magazini ya EMBO Journal njira yobwezeretsera chimene chinatayika chija, nkuwapatsa mapampuwo chakudya chawo mwachindunji, kotero kuti kapumidwe kawo kangathe kuyesedwa ngakhale pa mnofu umene wakhala moundana nthawi yaitali. Khoma loboola silibwerera mwakale, ndipo magetsi a damulo sangayesedwe, koma mapampu amalira ndithu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tsiku limene njira imeneyi inadziwika, minofu yonse imene inali m'mafiriji a dziko lapansi inasanduka yotha kuyankha funso limene eni ake sanafunsidwepo, pakuti pa nthawi imene ankasaina funsolo linali lisanabadwe. Chakudza sichiimba ng'oma. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, pa ndime 19, amaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo a South Africa, pa ndime 12, amawonjezera kuti chilolezocho chikhale cha munthu amene wauzidwa zonse. Koma munthu angauzidwe bwanji zonse za chinthu chimene ngakhale womuuzayo sachidziwa? Dokotala wachilungamo kwambiri sangalonjeze choposa ichi: “Sindidziwa chimene ana athu adzafuna kufunsa kamnofu aka.” Wovomera mawu otere sanavomere kafukufuku; wavomera kukhulupirira anthu.

Ndipo pa nkhani ya kukhulupirira, atsibweni anga si mbuli. Anali mnyamata pamene anthu oposa 30 anaphedwa usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre pakati pa 1968 ndi 1970, mphekesera nkumayenda kuti magazi awo akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole za boma. Mphekeserayo inalibe umboni, koma inamera panthaka yachonde, chifukwa anthu ankaona ndi maso amuna awo akukwera ndege za Wenela athanzi nkubwerera akutsokomola. Anaona anzawo a Theba akubwezedwa pamene maboma awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV; katswiri wa mbiri yakale Wiseman Chijere Chirwa analemba kuti pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo. Anamva za anamapopa mu 2002 ndi mu 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe. Ife ophunzira timaseka nkhani za anamapopa, ndipo kupha anthu chifukwa cha mphekesera n'koipa kosafuna kuikira kumbuyo. Koma tisaiwale kuti mu 2019 yunivesite ya Stellenbosch inapempha bungwe la Wellcome Sanger la ku England kuti libweze DNA ya anthu a mu Africa, ataulula ena a m'bungwemo kuti panali malingaliro opangira malonda popanda chilolezo chokwanira. Bungwelo linakana kuti silinalakwe. Chikhalirecho, munthu wa kumudzi amene amati zotuluka m'thupi la wosauka zimapita kutali ndipo phindu lake silibwerera sali kutali kwenikweni ndi zoona.

Ndikadalekera pomwepa, ndikadapita kukaotchetsa kamnofuko ndi mtima woyera. Koma nkhani ili ndi mbali ina, ndipo nayonso ndi yathu.

Boma la Malawi litayamba kugawa mankhwala otalikitsa moyo mwaulere mu 2004, m'mbulu umene anthu ambiri ankamwa unali ndi mankhwala otchedwa stavudine. Anapulumutsa miyoyo yosawerengeka, koma ankasokoneza kachulukidwe ka DNA ya mitokondiriya. Tonse tikuwakumbukira abale athu amene masaya anaphwa, mapazi nkumayaka moto usiku, ena nkumwalira mwadzidzidzi asidi atachuluka m'magazi. Bungwe la WHO linalangiza mu 2010 kuti mankhwalawa asiyidwe, ndipo Malawi inayamba kusintha mu 2011 kwa amayi oyembekezera, nifikira onse kuyambira mu 2013. Chidziwitso chimene chinachotsa mankhwalawa chinachokera, mwa zina, m'minofu ndi m'mafuta a odwala amene analola kudulidwa. Chimodzimodzinso, akatswiri a yunivesite ya North-West ku Potchefstroom, pogwira ntchito ndi madokotala a ana a ku Pretoria, apima minofu ya ana odwala matenda a mitokondiriya, napeza kuti zolakwika za m'DNA zimene mabuku a ku Ulaya amati n'zofala sizipezeka kawirikawiri mwa ana akuda. Ngati minofu yathu mulibe m'nkhokwe, mabuku adzapitiriza kulembedwa pa matupi a ena, ife nkumapimidwa ndi muyeso wa eni.

Mu Johannesburg momwemo muli chitsanzo chowawa kuposa apa. Lamulo la mu 1973 la matenda a m'migodi limalola kuti wogwira ntchito kumgodi akamwalira, mtima ndi mapapo ake zichotsedwe, banja likavomera, nkukapimidwa ku National Institute for Occupational Health, ndipo zikapezeka ndi matenda a fumbi banjalo lilandire chipukutamisozi. Kaundula wa zopimazi wakhala akusungidwa pa kompyuta kuyambira mu 1975, ndipo wathandiza kuonetsa kukula kwa matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu, nkhani imene inafika pa mgwirizano wa mu 2018 wa ndalama zokwana R5 biliyoni, zimene bungwe la Tshiamiso linapatsidwa kuti ligawe. Koma atsibweni athu amene anakafera ku Ntcheu, ku Mzimba kapena ku Mangochi anaikidwa athunthu, monga mwa mwambo, ndipo umboni wawo unaikidwa nawo limodzi. Makolo anati mlandu suwola. Suwola ndithu, koma mboni imawola, pokhapokha wina ataisunga.

Ku Kya Sand nakonso mlandu ukufuka. Amene sanafikeko adziwe kuti ndi dera la mafakitale kumpoto kwa Johannesburg, m'mbali mwa msewu wa Malibongwe, ndipo pambali pa mafakitalewo pali mudzi wa zisakasa za malata umene uli moyang'anizana ndi nyumba zamipanda za ku Bloubosrand. Chitsekereni dzala la boma mu 2010, m'derali munabuka madzala osaloledwa kumene zinyalala za mtundu uliwonse zimaotchedwa, mpaka anthu okhala mozungulira anakadandaula kukhoti mu 2024. Mlongo wanga anapuma utsi umenewo zaka zambiri. Sindikunena kuti ndiwo unamudwalitsa. Ndilibe umboni, ndipo madokotala ake sananene zotero. Ndikunena kuti tsiku lina wina adzafuna kudziwa chimene utsi wa mapulasitiki umachita m'maselo a munthu, ndipo pa tsikulo kamnofu konga kake kadzakhala m'gulu la mboni zochepa zotsala. Kukaotcha n'kutseka pakamwa pa mboni imene mwini wake anailola kulankhula.

Tsopano tifike povuta penipeni, pakuti mitokondiriya ili ndi khalidwe limene Mchewa aliyense angalimve msanga. Ili ndi DNA yakeyake, yosiyana ndi ina yonse ya m'thupi, yokhala ndi zilembo 16,569 ndi majini 37, imene inawerengedwa koyamba ku Cambridge mu 1981. DNA imeneyi munthu amailandira kwa mayi ake okha. Mwana wamwamuna amakhala nayo koma sapatsira ana ake. Imayenda mwa ana aakazi, mbadwo ndi mbadwo, monga momwe umayendera ufumu ndi malo kwathu. Pa maziko amenewa Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson mu 1987 anapima DNA ya anthu 147, yambiri yochokera m'nsengwa za amayi obereka, nanena kuti mzere wa amayi wa anthu onse umakathera kwa mkazi mmodzi wa mu Africa, zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. (Mwa anthu 20 amene anaimira Africa pa kafukufukuyo, ambiri anali akuda a ku America, ngakhale pofufuza agogo athu, ife tinaimiridwa ndi ena.) Tanthauzo lake pa banja lathu n'lakuti zimene zili m'kamnofu kaja zilinso mwa ine, popeza mayi anga ndi mayi ake anatuluka m'mimba imodzi. Zili mwa atsibweni. Zili mwa mwana wake wamkazi, amene tsopano ali fomu 2. Wowerenga kamnofuko akuwerenga mbumba yonse.

N'kosavuta kudumphira apa nkunena kuti sayansi yavomereza mwambo, ndipo mwini mbumba ndiye ayenera kugamula. Ine ndikukana, ngakhale ndimawalemekeza atsibweni. Mlongo wanga anali munthu wamkulu, amene anadzilerera mwana yekha ndi ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba za eni. Ankawerenga Chingerezi mokwanira, ndipo anzake anandiuza kuti anabwera kuchipatala tsiku lija akunena kuti mwina zimene zamuvuta iye zidzathandiza mwana wake. Amayi ambiri amene ali ku Kya Sand anapita kumeneko, mwa zifukwa zina, kuti akhale ndi mawu pa moyo wawo. Tikanena kuti dzina limene mkazi anasaina ali moyo lingafafanizidwe ndi mlongo wa mayi ake iye atamwalira, ndiye kuti tamulanda thupi lake kawiri. Umunthu umene timaunyadira m'masemina athu usanduke chingwe chomangira akazi? Komabe n'zoonanso kuti pepala lija linkamuona ngati mtengo wa pawokha, pamene zotsatira zake zikukhudza nkhalango. Chilolezo cha munthu mmodzi n'chofunika, ndipo palibe wochilumpha, koma sichimaliza udindo wa wosungayo.

Ndikaona mmene anthu amakambira nkhaniyi, ndimapeza mawu atatu, ndipo onse amandiperewera. Ena amati kamnofuko ndi mphatso. Koma mphatso ukapereka sufunsanso, ndipo mawu amenewa amakomera wolandira. Ena amati ndi katundu. Koma tsiku limene tidzaike mtengo pa ziwalo za munthu, m'dziko limene abale athu achialubino aphedwa chifukwa cha mafupa awo, tidzakhala tatsegula khomo losatsekeka. Ena, makamaka m'zipatala, amakaona ngati chotsalira chimene chikadatayidwa. Komatu chinenero chathu chili ndi mawu achinayi, amene ndikuganiza kuti akatswiri a zaumoyo sanawalabadire: kuikiza. Munthu amene alibe khola, kapena akupita kutali, amaikiza mbuzi yake kwa mnzake. Wosungayo amapindula ndi manyowa, ndipo mbuziyo ikaswa kawirikawiri amapatsidwako mwana. Koma siikhala yake. Ikadwala amatumiza mawu, ikafa amasunga chikopa kuti akaonetse, akafuna kuisamutsira kukhola lina amayamba wafunsa. Mwini wake akamwalira, pangano silifa. A m'banja lake amabwera kudzaona, osati kudzaphwanya zimene malemu anapangana, koma kudzamva mmene zikuyendera. Woikiza sadziwa zimene zidzachitike m'zaka zikubwerazo, ndipo safunika kudziwa, chifukwa chimene chimamuteteza si mawu a tsiku loyamba koma njira yotseguka pakati pa nyumba ziwirizo.

Maiko athu ayesa njira zosiyana. M'zaka za m'ma 2010 komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo ku Malawi inkakana kuti zotengedwa m'thupi zisungidwire kafukufuku amene sanatchulidwe, pamene malangizo a South Africa a mu 2015 analola chilolezo chotambalala, bola komiti iunike kafukufuku aliyense watsopano, ndipo mu 2018 boma linakhazikitsa pangano loyenera kusainidwa zotere zikamasamutsidwa. Njira yoyamba ili ngati kukana kuikiza n'komwe poopa akuba. Yachiwiri imadalira komiti kuti iimire mwini mbuzi, ndipo komitiyo, ngakhale ikhale ya anthu abwino, sinapondeko ku Kya Sand.

Ndivomere kuti kuikiza kuli ndi mavuto ake m'mzinda. Kuti ateteze chinsinsi cha wodwala, akatswiri amachotsa dzina pa kabotolo nkuikapo nambala, ndipo nthawi zina amadula ulusi wonse wolumikiza nambalayo ndi munthu. Cholinga n'chabwino, makamaka kwa mlendo amene mapepala ake okhalira m'dziko sali bwino, amene safuna kuti dzina lake lipezeke paliponse. Koma ulusi ukaduka, njira ija yatsekeka: ngakhale atapeza chinthu chimene chingapulumutse mwana wa malemu, alibe womuuza. Ndipo ngakhale ulusi usaduke, adzamupeza kuti munthu wa ku Kya Sand? Zisakasa zimapsa, mapepala nkupsera momwemo, manambala a foni amasintha chaka ndi chaka. Mu 2023, pamene magetsi ankazimitsidwa mosinthana kwa masiku oposa 300, majenereta ankalira usiku wonse kuti mafiriji a madigiri 80 asatenthe, ndipo anachita bwino. Koma ndimalingalira kuti kamnofu ka mlongo wanga kanali ndi magetsi odalirika, adiresi yokhazikika ndi mlonda pakhomo, zinthu zitatu zimene mwini wake sanakhale nazo. Ngati nkhokwe ingathe kusunga nyemba ya mnofu zaka 20 osasungunuka, kusunga njira yofikira banja sikungaikanike. Kumafuna ndalama ndi munthu wolembedwa ntchito imeneyo, wolankhula zinenero za odwalawo, ndipo opereka ndalama za kafukufuku amakonda kugula firiji kusiyana ndi kulipira munthu wotere.

Nditabwerera ku Joni sindinachite zimene atsibweni ananditumazo. Ndinalemba kalata ku labotale yotchulidwa papepala lija, kunena kuti mwini kamnofuko anamwalira, kuti banja silikufafaniza zimene iye anavomera, koma likupempha zinthu zitatu: lidziwitsidwe ngati kakadalipo, lidziwitsidwe ngati kadzatumizidwe kunja kwa dziko, ndipo ngati padzapezeke chinthu chokhudza thanzi la ana a mzere wake, dokotala adzatiitane. Yankho linabwera patapita miyezi inayi. Linali laulemu ndi lalifupi. Linati kamnofuko kalipo, linapereka nambala yake, ndipo pa zopempha ziwiri zinazo linati ndondomeko yawo siinafikepo, koma kalata yanga aisunga m'faelo.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi ndi yankholo, ndili wokonzeka kukalipiridwa. Atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto, nandifunsa kuti madigiri 80 pansi pa ziro n'kuzizira kotani. Ndinati kuposa chisanu cha mwezi wa Juni pa phiri la Dedza kambirimbiri. Anapukusa mutu, nati sakukondwa nazo, ndiponso kuti ndinawachenjerera. Kenaka anatuma mwana kukatenga kope limene munalembedwa mayina a onse amene anapereka chipepeso pa maliro aja, nandiuza kuti ndilembe nambala ya kabotoloyo patsamba lomaliza, pamodzi ndi dzina la malowo. Anati mwana wa malemu akadzakwana zaka 18 adzamuonetsa, ndipo iyeyo ndiye adzanene.